Kagalu kokusa nkhosa pansanjika yachitatu

Kwathu ku Ntcheu galu sankalowa m'nyumba. Ankagona pakhonde, ndipo akayandikira mbale ankathamangitsidwa. Za agalu ogona pampando ndinadzazionera kuno ku London, ndipo sindinkaganiza kuti zidzandipeza.

Khomo loyang'anana ndi lathu, pansanjika yachitatu ya nyumba yomwe tinkachita lendi ku Lewisham, linali la mzungu wina wokalamba amene mkazi wake anamwalira kalekale. Ankakhala ndi kagalu basi. Kanali kosafika m'bondo, ka ubweya wautali wofiirira, pakhosi poyera, kukamwa kosongoka ngati nkhandwe. Mkuluyo anandiuzapo kuti mtundu umenewu unachokera kuzilumba za kumpoto kwa Scotland, kumene ntchito yake inali yokusa nkhosa. Iye anali atapuma pantchito, choncho ankaswera nako tsiku lonse, n'kumakayendetsa kupaki m'mawa ndi madzulo.

Mkuluyo atagwa pamasitepe n'kuthyoka m'chiuno, mwana wake anagogoda kwathu atanyamula mbale ya kagaluko ndi chingwe chake. Anapempha kuti tiwasungire mpaka bambo ake atatuluka m'chipatala. Ndisanayankhe, mwana wanga wamkazi, yemwe anali atangoyamba sekondale, anali atagwada kale akukasisita. Mkuluyo sanabwererenso. Anamutengera kunyumba yosamalirako okalamba kumene sankalola ziweto, ndipo mwana wake anati kwawo n'kosatheka chifukwa mkazi wake amadwala mphumu.

Kanali kagalu kaulemu. Sikankaba chakudya, sikankaipitsa m'nyumba. Nzeru zake zinkandiopsa: pasanapite nthawi kanali katamva "khala pansi" ndi "choka apa" m'Chichewa. Mwana wanga, amene ankangodzitsekera kuchipinda ndi foni, anayamba kutuluka. Ndinkamumva akuseka pabalaza, akukapesa ubweya, akukauza nkhani za kusukulu zomwe ine sankandiuza.

Vuto linali loti masana nyumba inkakhala yopanda munthu. Ine ndine namwino, amuna anga amayendetsa basi, ndipo mashifiti athu sitisankha tokha. Tikangotseka chitseko kankayamba kuuwa. Kankauwa sitima ikamadutsa, kankauwa wamakalata, kankauwa njiwa pazenera, ndi mawu akuthwa olowa m'mutu. Tsiku lina mayi wa pansi pathu, amene ankagwira ntchito usiku n'kumagona masana, anandiimitsa pamasitepe maso ali psuu.

"Mchemwali, sindikufuna mkangano," anatero. "Ndikungopempha tulo."

Ndinapepesa. Ndinalibe china chomupatsa.

Lamlungu lina amayi a kumpingo anabwera kudzapempherera kwathu, ena ndi ana awo. Anawo atayamba kuthamangitsana, kagalu kaja kanadzuka ngati kaitanidwa. Kanawazungulira uku ndi uku, mutu uli pansi, mpaka onse anaunjikana pakona ya khitchini. Mmodzi atafuna kuthawa kanamugwira chidendene ndi mano. Magazi sanatuluke, koma kulira kwake kunadula nyimbo pakati. Mayi wina wamkulu wa ku Chipata anakweza miyendo pasofa.

"Imwe, ka galu kanu kaluma bana! Kachoseni!"

Kuyambira pamenepo mapemphero anasamukira kunyumba ya mayi wina ku Peckham.

Amuna anga anakula akuweta ng'ombe, ndipo madzulo amenewo anakhala nthawi yaitali akukayang'ana.

"Galuyu alibe mlandu," anatero. "Akuchita zimene anabadwira. Ine kudambo ndinkalakalaka galu wotereyu. Ndadzamupeza kuno, kopanda ngakhale mbuzi."

"Nanga titani, bambo?"

Anangokasisita pamutu.

Kankaopanso phokoso. Ndikamalankhula ndi achemwali anga kumudzi, mokweza monga timachitira netiweki ikamavuta, kankalowa pansi pa tebulo n'kumanjenjemera. Ine ndi amuna anga tikasemphana mawu, kankathamanga pakati pathu kakulira. Tinafika pomanong'onezana m'nyumba yathu yomwe.

Kenako kanayamba kudzinyambita zikhatho mpaka ubweya unasosoka, n'kutuluka zilonda. Ndinapita nako kwa dokotala wa ziweto. Atakapima anati matenda palibe, koma agalu a mtundu umenewu safuna kukhala okha, amafuna kuthamanga ndiponso kupatsidwa chochita.

"Palibe amene angamakhale pakhomo masana?" anafunsa.

Ndinaseka, koma m'maso munadzaza misozi. Zilonda za anthu ndimazimanga tsiku ndi tsiku, koma izi zinandikanika. Bandeji iliyonse kankaimasula ndi mano ndisanafike pamalo okwerera basi.

Tinayesa. Ndinkalawirira nako kupaki ndisanapite kuntchito, mvula ili waa, zala zitauma ndi chisanu. Kumeneko kankalondola njinga iliyonse ndi aliyense wothamanga, moti chingwe sindinkachimasula. Mwana wanga anasiya masewero a mpira wamanja kuti azifika msanga. Ndinapempha akuntchito kuti andisinthire masiku, anandithandiza mwezi umodzi, kenako anati anthu ndi ochepa. Kuuwa sikunathe. Mapeto ake woyang'anira nyumba anaimba foni, mwaulemu ndithu, kutikumbutsa kuti pangano lathu la lendi silinkalola galu, ndipo madandaulo anali atachuluka.

Ndinamuuza mwana wanga tili kukhitchini kuti kagaluko tiyenera kukapereka kwa anthu ena. Chichewa amamva, koma amayankha m'Chingerezi, ndipo tsikulo anayankha mofulumira kwambiri moti mawu ena anandidutsa.

"Amayi, mukanakhala inu, akanakuperekani kwa anthu ena chifukwa cholira?"

"Mwanawe, tikachotsedwa muno tikagona kuti?"

"Ndiye tisamuke."

Ndinamufotokozera mmene nyumba zimavutira kupeza, makamaka yolola galu. Ankadziwa kale zonsezo. Anakanyamula n'kulowa nako kuchipinda.

Dokotala uja ndi amene anatipezera mayi wina wa ku Kent, kunja kwa London, wokhala pafamu yaing'ono, amene anali ndi agalu ena a mtundu womwewo. Tinapita Loweruka pagalimoto ya mnzathu. Titafika, kagalu kanakana kutsika pamiyendo ya mwana wanga. Mayiyo sanakakamize. Anakhala pansi paudzu wonyowa n'kudikira mpaka kanapita kukamununkhiza. Ataona zikhatho zake anangogwedeza mutu, osatifunsa kanthu. Ndikanakonda akanatikalipira.

Tinakasiya komweko. Pobwerera amuna anga anayatsa wailesi, n'kuizimitsanso.

Patapita milungu ingapo mayiyo anaimba. Anati zilonda zapola, ubweya ukumera, ndipo kakumathamanga ndi anzake m'munda mpaka kutopa. Anati kuuwa sikanasiye, koma kumeneko kulibe womva kupatula nkhuku. Ndinamuthokoza, kenako ndinakagogoda kuchipinda kwa mwana wanga n'kumuuza zonse ndili pakhomo, ndikuyembekeza kuti mwina nkhope yake imasuka.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Zili bwino," anatero. "Koma akadzaimbanso, musadzandiuze."

Mayiyo anaimbanso kangapo chaka chimenecho. Ndinkayankhira panja, pamasitepe.