Chitsononkho pa Chitenje cha Achemwali

Mpapaya umene ndakhala ndikuuthirira monyadira wapezeka kuti ndi wamwamuna. Ine ndemwe, katswiri wowerenga mabuku a bayoloje ogula pamsewu! Fungo la maluwa ake landibwezera ku Ndirande, chaka chimene zipani zinayamba kupikisana kugawa nsalu.

Ndinkaleredwa ndi achemwali anga. Ukwati wawo unalibe mwana, choncho abale a alamu anagamula kuti achemwaliwo abwerere kumudzi, ine nditsale mpaka sukulu itatsekera. Nthawiyo sindinkadziwa kuti mwana amafuna dzira la mayi ndi mbewu ya bambo. Ndinkangodziwa kuti mpapaya ukakana kubereka, anthu amaumangirira chitsononkho.

Achemwali akupinda zovala, ndinawazembera n'kumangirira chitsononkho kunsonga ya chitenje chawo.

"Nanga ichi n'chiyani, achimwene?"

"Kuti mubereke, musapite."

Anaseka, kenaka anandikumbatira mpaka misozi yawo inanyowetsa kolala ya yunifolomu yanga. Anakwera minibasi chitsononkhocho chili m'manja.

Mayi oyandikana nafe, amene anaonapo akazi ena awiri akuchoka m'nyumba yomweyo, anandigwira paphewa.

"Mwanawe, nzeru unali nayo. Koma chitsononkho timamangirira mpapaya wamwamuna."