Kalulu wa Azakhali Pathandala la Usipa

Mwana wanga wagula kalulu woweta, ndipo dzulo anandikalipira chifukwa chopatsa kaluluyo mpiru wonyowa. Fungo la masamba amene anawayanika pakhonde kuti afote linandikumbutsa kwathu ku Senga Bay.

Azakhali, achemwali awo a bambo, anabwera kudzakhala nafe ndili mwana, kuchokera ku Lilongwe banja lawo litatha, atanyamula kalulu woyera m'katoni. M'mawa uliwonse ankandituma kudimba kukathyola mpiru wanthete ndi kholowa. Ankatsuka tsamba limodzilimodzi, kenako n'kuitana amayi.

"Alamu, chotsani usipa wanu pathandalapa. Masamba onyowa amamutupitsa mimba, afote kaye."

Amayi ankachotsa usipa wawo wamalonda usanaume, n'kukauyanika pamchenga. Ndiwo zathu zinali masamba achikasu amene azakhali ankati kalulu sangadye.

Ine sindinkadandaula. Ndinkaganiza kuti chiweto chosamalidwa chonchi akuchinenepetsera Khirisimasi, ndiye ndinkachipapasa m'nthiti uku ndikumeza malovu. Tsiku lina ndinafunsa, "Azakhali, ntchafu idzakhala ya ndani?"

Mbama imene anandiwaza inandiliza khutu mpaka madzulo. "Anthu akumudzi inu, mumangoganiza zodya basi!"

Pa Khirisimasi tinadyera usipa wamchenga uja, umene ogula anaukana. Kaluluyo anadzafa ndi ukalamba, ndipo azakhali anamukwirira atamukulunga m'chitenje chatsopano.

Azakhali anamwalira akudziwa tsamba lililonse lopweteka mimba ya kalulu, koma sanafunsepo ngati m'mimba mwa ana a mchimwene wawo mwalowa kanthu.