Ndinanamizira mbuzi za akazi anga

Ine ndikayankhula amandimva kutsidya kwa Bua, choncho kugonja sindinakuzolowere. Chaka chino feteleza wa salufeti anandichepera. Nditaona laimu wotsala popaka nyumba, woyera mbee ngati fetelezayo, ndinati, "Awa ndi pachibale!" Ndinasakaniza m'beseni, n'kuwazamo timadzi.

Fungo lake, abale inu! La mkodzo lenileni, lolasa m'mphuno, misozi chuchuchu. Akazi anga atafunsa, ndinakuwa kuti, "Ndi mbuzi zanuzi! Chotsani khola pano!" Anasamutsa khola tsiku lonse, ine ndili tsonga pampando, maso ali psuu.

Zosakanizazo ndinakathirabe m'munda. Chimanga chitayamba chikasu, alangizi anandiuza kuti laimu akakumana ndi salufeti pachinyezi amatulutsa mpweya wa amoniya, ndipo chakudya cha mbewu chimathawira m'mwamba. Ndinawayankha kuti ndimadziwa kale. Bodza lachiwiri limenelo.

Dzulo ndinalimba mtima n'kupita kwa akazi anga. "Mayi, mbuzi zija zinalibe mlandu."

"Ndimadziwa, bambo. Mbuzi inayamba liti kukodza m'beseni? Theka la thumba la feteleza ndinakabisa kwa achemwali. Tengani khasu, mvula ikadalipo."

Tathira lero m'mawa, osasakaniza ndi kanthu.