Amphaka a Chizuru anamatidwa ndi phala

Mdzukulu wanga Chizuru amayendetsa basi kuno ku Kanazawa, koma tsiku lopuma mukamupeza kumsika wa zinthu zakale, mutu uli m'katoni. Amasaka zithunzi zonamiza maso. Ena amati ndi misala. Amene amatero sabwera kwanga kawiri.

Chimene anachisaka zaka zisanu ndi zitatu ndi chithunzi cha amphaka chodulidwa patatu: chidutswa chachitali pansi, ziwiri pamwamba. Ukawerenga, amphaka khumi ndi atatu. Ukasinthanitsa zapamwambazo, atsala khumi ndi awiri. Tsiku limene anachipeza anali ndi chakudya kwa apongozi ake, ndipo pochoka anachiiwala patebulo.

Apongoziwo, bambo Kuwabara, ntchito yawo ndi yomata zitseko zamapepala za kuno ndi kukonza zithunzi zong'ambika. Ataona zidutswazo anamva chisoni. Anaphika phala lawo la tirigu n'kumata zonse papepala limodzi, mzere osaoneka. Anachibweza chokulunga m'nsalu, akumwetulira.

Chizuru anawerama n'kuthokoza. Mtengwa wa miyezi inayi akanati chiyani? Misozi anadzakhetsera kwa ine.

"Agogo, chonde musapiteko."

"Ndipatse nsapato zanga."

Ndinanyamula bokosi la makeke a mpunga. Nditafika kwa bambo Kuwabara, tiyi ndinamwa kaye, ulemu ndimaudziwa.

"Asewere, dzanja lanu ndi labwino, koma mwamanga amphaka a mwana wanga."

"Chinali chong'ambika, mayi."

"Zaka makumi anayi mukugwira mapepala, kung'ambika kowongoka chonchi munakuonapo?"

Makutu awo anafiira. Mumtima ndinati basi, ndamuphwasulira mwana banja. Kenako anaimirira, natenga mbale ya madzi ndi burashi.

"Phala langa limamvera madzi," anatero.

Ananyowetsa kumbuyo kwa pepalalo pang'onopang'ono mpaka zidutswa zinamatuka, n'kuzipanikiza ndi matabwa kuti ziume. Patapita masiku atatu anatiitana. Chizuru anasinthanitsa zidutswazo iwo akuona. Bambo Kuwabara anawerenga amphakawo ndi chala, katatu.

"Winayo wapita kuti?"

"Bambo, mukayang'anitsitsa michira..."

"Usandiuze, ndimupeza ndekha. Lamlungu kumsika tipitira limodzi. Mapepala akale ndimawadziwa kuposa iwe."

Kuposa Chizuru? Ndinangotenga keke ina n'kutseka pakamwa, poti tinali m'nyumba mwawo.