Nyumba za Obadia Simulowa Mphepo

M'mapiri a ku Makete chisanu cha mu Juni chimaluma mpaka m'mafupa, ndipo Obadia Luvanda ankadyera pomwepo. Anakulira m'nyumba yaudzu, moto uli pakati, utsi ukudzitulukira padenga, mphepo nayo ikudzilowera m'ming'alu. Mphepoyo ankadana nayo koopsa. Ataphunzira zomangamanga analumbira kuti m'nyumba yomanga iye simudzalowa kamphepo ngakhale kogwedeza lawi la kandulo. Timabowo timene amisiri ena amasiya pamwamba pa mazenera, iye ankati n'zochita za anthu amene sanazizidwepo. Anthu ankamulimbirana, mkuluyo n'kumayenda modzimva.

Nyumba imene anaikapo mtima wake wonse inali ya mwana wake wamkazi, Tulizo. Anaika siling'i, mazenera agalasi lokhuthala, chitseko cholemera cha mlombwa, m'munsi mwake n'kukhomamo mphira.

Tulizo atabereka mwana woyamba, apongozi ake, mayi Nsemwa, anabwera kudzamusamalira m'chikuta, poti mwamuna wake anali ku Mbeya ndi lole ya matabwa. Tsiku lina masana, nkhungu itakuta mudzi wonse, Obadia anafika atasenza thumba la mbatatesi. Anagogoda. Kunali zii.

"Odi, asewele! Mwagona masanasana ngati mwamwa mowa wa ulanzi?"

Palibe anayankha. Anasuzumira pazenera la kuchipinda. Tulizo anali pabedi, dzanja lili lende, khanda lili pachifuwa. Mayi Nsemwa anali atatsamira khoma, mutu utagwera paphewa. Pakati pawo panali mbaula, makala ali psuu. Mayi Nsemwa anali atachita zomwe ankachita moyo wake wonse m'nyumba yaudzu, kumuothetsa moto mayi wakhanda, ndipo kunja kunalibe ngakhale kafungo ka makala: mpweya wonse woipa wa makalawo unali utatsekeredwa m'chipindamo.

Mantha anamugwira Obadia. Anagunda chitseko ndi phewa koma sichinasunthe, poti azimayiwo anali atakhoma m'kati. Anachiponda, nachipondanso. Ntchito yake inali yabwino, yabwino mopweteka.

"Tulizo! Mwana wanga, dzuka! Anthuni, thandizeni kuno!"

Anatola mwala n'kuphwanya zenera, koma zitsulo zomwe anawotcherera yekha zinamukaniza kulowa. Mnansi wina anathamangira ndi nkhwangwa, ndipo Obadia anatema mlombwa uja akulira ngati mwana, mpaka loko anathyoka.

Anawakokera onse panja, pa udzu wonyowa. Tulizo anabuula n'kuyamba kusanza. Khanda linali lobodobo, phee. Obadia analivula mabulangete, kulisisita pamsana, kuliuzira kumaso, akutchula dzina la Mulungu mosalekeza. Pakhomo anthu anadzaza. Kenako kanthu kaja kanakwinya nkhope n'kulira, kulira kofowoka ngati kwa mwana wa mphaka. Wina anathamanga kukaitana galimoto yopita kuchipatala.

Mayi Nsemwa anatsegula maso pomalizira, atagwira mutu ndi manja awiri. Anayang'ana khanda lili pamphepo, nayang'ana khomo lili pululu, nkhope yawo n'kusintha.

"Asewele, mwapenga kodi? Tsekani chitsekocho, kutentha konse kukuthawa! Mwanayu mumupha ndi chisanu!"

Mawu amenewo ndi omwe Obadia ankauza anthu m'mudzi monse, ndipo nyumba zake zinali mbwee m'mapiri onsewo, iliyonse ili ndi mbaula yake m'kati. Anapereka khanda kwa mayi wina, anatolanso nkhwangwa ija, n'kulunjika panyumba yoyandikana nayo, yomanganso iye, kukaboola polowera mphepo.