Nthaka Yokana Khasu

A Josphat Ngulube a ku Nyalugwe adakalambira kumanda. Chiyambire unyamata wawo, maliro akagwa m'mudzi, iwo ndiwo ankatsogolera adzukulu okumba. Ankanyada kuti palibe nthaka idawakanapo, ngakhale ya mu Okutobala yoswa mpini. Anali munthu wamakani, wosavomera kuti pali chinthu cha pansi pano chimene sachidziwa.

Mwana anali naye mmodzi, Olipa, amene adapita kukasamala nkhalamba ku Halvika, dziko lakutali kumpoto. Akaimba foni ankasimba zodabwitsa. Ankati kumeneko chisanu chimatenga chaka pafupifupi chonse, dzuwa limangosuzumira masana n'kubwerera, mitsinje imauma gwa mpaka galimoto kuyenda pamwamba. A Ngulube ankaseka mpaka kutsokomola. "Olipa waphunzila boza kwa azungu," ankatero kwa akazi awo, amai Bernadette.

Mvula yoyamba itangogwa, Juliet, mnzake wa Olipa wa ku Petauke amene ankakhala naye nyumba imodzi, adaimba akulira. Olipa adali atamwalira ndi chibayo. Zobweretsa mtembo kuno zidakanika. Anthu adasonkhana pakhomo, moto wa maliro udayatsidwa, azimayi a mpingo adayamba nyimbo, onse akudikira kumva tsiku loika.

"Atate, sibangamuike manje," adatero Juliet. "Nthaka yauma na chisanu. Bakuti tiyembekeze isungunuke, kapena mu Meyi."

"Meyi? Kulibe amuna kumeneko? Auzeni asonkhe moto pamwamba, athile madzi, atenge piki!"

"Atate, ni mwala. Bamusunga mu filiji."

Apa ndiye padawapweteka. Iwo amene sadagonekepo mwana wa mnzawo pamphasa masiku ambiri, wawo ali m'kabati yozizira ngati nsomba ya pasitolo.

Kwathu maliro sabalalika munthu asanaikidwe, ndipo ofedwa sameta kapena kugwira khasu. Koma mvula siyembekeza wolira. Abale adayamba kuzemba mmodzimmodzi kukadzala nshawa ndi chimanga, ndipo ndani angawadzudzule? Abusa adabwera kudzawanyengerera kuti angopemphera, amete, moyo upitirire. A Ngulube adakana kwamtuwagalu. "Nimete cani mwana akali pamwamba?"

Adakhala pakhonde dzinja lonse, ndevu zili nyankhalala, munda ukumera nsongole. M'mudzi mukagwa maliro ena, anyamata ankakumba okha, mokhotakhota. Iwo ntchito yawo idasanduka imodzi, kukwera pachulu pomwe foni imagwira n'kufunsa Juliet ngati kwayamba kufunda. Yankho linali lomwelo: kukali mdima, kukali chipale. Munthu uja adayamba kudziwa nyengo za ku Halvika kuposa za kwawo, ndipo ankadana nazo ndi mtima wonse.

Anzawo akukolola, iwo ali pachulu paja, foni idalira yokha.

"Atate, tinamuika mailo. Basintha tsiku mwadzidzidzi, foni yanu siinali kugwila."

 A Ngulube adafunsa chokhacho chimene ankadziwa kufunsa.

"Anakumba ni ndani?"

"Makina, atate."

"Mutu analozetsa kuti?"

Juliet sadadziwe. Adati kunali mphepo yambiri, iye adaima patali.

A Ngulube adatsika pachulu pang'onopang'ono, nakhala pansi pafumbi pakhomo pawo. Amai Bernadette adatuluka ndi lezala ndi madzi m'beseni. Panalibe wina aliyense woti abwere, choncho adawameta okha, kenaka adawapatsa lezalayo nawerama kuti nawonso ametedwe.