Amene Anasambitsa a Esitere

Ndinadzuka tambala asanalire, ngakhale sindinganene kuti ndinagona. Munali m'mwezi wa Juni, chiperoni chitaphimba mapiri, kamvula kakuwaza pang'onopang'ono. Kumsewu wa kumalire kunkamveka magalimoto akuluakulu akubuula pachitunda. M'nyumba, amayi a mpingo wathu anali akuimbabe motsitsa mawu, atazungulira mphasa imene panagona akazi anga, a Esitere. Amuna anali panja, atafunda mabulangete mozungulira moto.

Kwathu kwa Nthache, munthu wamkazi akamwalira, womusambitsa anali a Esitere. Anali ndi beseni lawolawo la ntchitoyi, ndi sopo amene sitinkamukhudza ngakhale wa pakhomo atatha. Uthenga ukawapeza kumunda, khasu ankalisiya pamzere pomwepo. Tsopano inali nthawi yawo. Amayi anzawo anapangana kuti kukacha awasambitse, awaveke bulauzi ndi duku loyera la mpingo, kenako awaperekeze kumanda ndi nyimbo.

Madzi ali pamoto, panafika lole. Anyamata a chipani anatsika n'kulengeza kuti kuboma kukubwera alendo akuluakulu, choncho amayi onse akwere akavine. Mkulu wa mpingo anawayandikira chipewa chili m'manja.

"Ana anga, tili pa zovuta. Tisiyireniko anayi okha."

"Madala, womwalirayo sathawa. Amupeza," anatero mmodzi, anzake n'kuseka.

Amayi anatuluka mmodzimmodzi, kusiya mabuku a nyimbo pakhonde. Wina amene a Esitere anamusambitsira mwana wake chaka chapitacho anadutsa pafupi nane atawerama. Masiku amenewo wokana sankagona m'nyumba mwake, ndinkadziwa. Komabe ndinkayembekeza kuti mmodzi yekha abisala kuseri kwa nkhokwe. Panalibe.

Tinatsala amuna, ana, ndi agogo awiri amene manja awo ankanjenjemera. Mwamuna salowa posambitsa maliro a mkazi, ngakhale akhale mwamuna wake, ndipo ana athu ndi amuna okhaokha. Madzi anazizira. Adzukulu anatumiza mawu kuti manda atha. Ine ndinakhala pakhomo, bulauzi yoyera ili pamiyendo, kuyesa kupemphera koma mawu osabwera.

Chakumasana ndinaona amayi ena akubwera m'kanjira ka kudambo, atafunda masaka chifukwa cha mvula. Anali othawa nkhondo a ku Mozambiki amene anamanga zisakasa kutsidya kwa mtsinje. Lole sinkapita kwawo, poti analibe makadi a chipani. A Esitere ankawapititsira ufa ndi manachesi, ine nthawi zina n'kumadandaula kuti nkhokwe yathu si yaikulu. Wamkulu wawo anagwada chapatali.

"Baba, tamva. Beseni lija lili kuti?"

Mkulu wa mpingo anatsokomola. "Pepani mayi, koma inu si a mpingo wathu."

"Pamene ankasambitsa m'bale wanga sanafunse za mpingo," anayankha mayiyo.

Onse anayang'ana ine. Ndinadzuka, kukatenga beseni, n'kuwapatsa pamodzi ndi bulauzi ndi duku.

Anatenthetsanso madzi n'kutseka chitseko. Atandiitana kuti ndidzaone nkhope, ndinapeza duku atalimanga mwa kwawo, mfundo ili pamphumi. Sindinawakonze. Popita kumanda anatsogola iwo, akuimba m'Chinyungwe. Mawu sitinkawadziwa, koma maimbidwe ake anali a nyimbo ya m'buku lathu, ndipo amunafe tinangong'ung'udza pambuyo, tikuterereka m'matope. Gulu linali lochepa kwa munthu amene anayenda maliro onse a m'dera lino. Tinaika, tinapemphera, tinabwerera.

Dzuwa likulowa, lole inawatula amayi a mpingo aja kumsewu. Sanapite kwawo. Anabwera molunjika, atavalabe nsalu zovinira, n'kuima m'mphepete mwa bwalo ngati alendo.

"Bambo, tilibe mawu," anatero mmodzi, n'kuyamba kulira.

Ndinawayalira mphasa. Ndinawauza kuti a Esitere apita atasamba bwino, atavala zoyera, ndiponso kuti nyimbo inaimbidwa. Anakhala kanthawi, kenako anapita kukaona ana awo amene anali asanadye chichokere m'mawa.

Nyumba inatsala zii. Ndinayatsa koloboyi n'kukhala pampando wanga, wa a Esitere uli wopanda munthu. Mtima unkandipweteka, sindibisa, chifukwa onse aja ndinkawadziwa mayina. Ndinawatchula mmodzimmodzi pamaso pa Mulungu, amayiwo ndi anyamata a lole omwe. Ndinawakhululukira.